Dongo, Makala ndi Mabala a Mumtima mwa Ana a ku Mchinji

Pakati pa njira zimene akatswiri a zamaganizo amathandizira nazo ana amene akumana ndi zokhoma, pali ina imene zipangizo zake ndi pepala, makala, utoto ndi dongo. Njirayi, imene pa Chingerezi imatchedwa art therapy, ndi chithandizo chimene mwana amapatsidwa mpata wojambula, kupenta kapena kuumba zimene zili kumtima kwake pamaso pa munthu wamkulu wophunzitsidwa bwino ntchitoyo, amene udindo wake ndi kukhala pambali pa mwanayo, kumumvetsera, ndi kumuthandiza kuti zimene zikumulemera azione zili kunja kwa thupi lake, pamalo pamene angathe kuziloza ndi chala, kuzitchula dzina, ngakhale kuzisintha. Kukongola kwa chithunzicho kulibe gawo pa ntchitoyi. Maziko ake ndi mfundo yakuti mwana amayamba kudziwa zinthu asanapeze mawu ozinenera, ndiponso kuti pali ululu wina umene ngakhale munthu wamkulu amasowa poyambira kuufotokoza. Boma la Mchinji ndi malo oyenera kuyeserapo mfundoyi, chifukwa lili ndi ana ambiri osenza zolemera, lili ndi mwambo wakale wophunzitsa ndi zithunzi, koma anthu okhala pansi n'kumvetsera mwana ndi ochepa.

Mchinji, amene pa nthawi ya atsamunda ankatchedwa Fort Manning, ali kumadzulo kwa Lilongwe ndipo amachita malire ndi Zambia komanso, chakumwera, Mozambique. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'bomali, ndipo poti kalembera yemweyo anasonyeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18, sikulakwa kunena kuti nkhani ya Mchinji kwakukulu ndi nkhani ya ana. Chipata cha pa Mwami ndi chodziwika kwa amalonda ndi oyendetsa mathiraki, koma kwa anthu a kwa Mlonyeni, kwa Zulu kapena kwa Mkanda, malire ndi mzere umene unangodula pakati mabanja a Achewa, Angoni ndi Ansenga amene amakwatirana, kulirana maliro ndi kukumana ku Kulamba ku Mkaika kapena ku Ncwala ku Mtenguleni. Ubale woterewu ndi wabwino, komabe ndi womwenso umachititsa kuti mwana asowe pamudzi mosavuta, pakuti munthu wobwera ndi lonjezo lakuti mnyamata akaweta ng'ombe kutsidya n'kudzalandira malipiro chaka chikatha saoneka ngati mlendo, ndipo njira zodutsa m'minda zilibe wofunsa chiphaso. Ana ena sadutsa n'komwe malire, amathera m'maesiteti a fodya a m'boma momwemo, kumene amathyola ndi kusoka fodya m'zigafa pamodzi ndi makolo awo.

Boma ndi mabungwe sanakhale chete pa mavutowa. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, inayambira ku Mchinji mu 2006 isanafalikire m'maboma onse a dziko lino. Nyumba ya ana amasiye ya Home of Hope, imene anayambitsa m'busa Thomson Chipeta m'zaka za m'ma 1990, inadziwika padziko lonse m'chaka chomwecho cha 2006 pamene woimba wa ku America, Madonna, anatengako mwana kuti akamulere. A Salvation Army anatsegula m'bomali malo olandirira ana opulumutsidwa kwa anthu owazembetsa. Malamulo nawo anabwera motsatizana: loteteza ana mu 2010, loletsa kuzembetsa anthu mu 2015, kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kumene kunakhazikitsa zaka 18 ngati malire a ubwana, ndi kuthetsedwa kwa utenanti mu 2021. Zonsezi n'zofunika, ndipo palibe amene angauze mwana wanjala kuti ayambe wajambula asanadye. Koma mwana akabwezedwa kwawo, akapatsidwa yunifomu, kope ndi phala, pamatsala funso limene malipoti ambiri saliyankha, lakuti zimene anaona ndi kumva kumene anali zija azipita nazo kuti.

Funsoli limakula chifukwa cha momwe mwana amaleredwera. Mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso, amagwada kapena kunjuta polankhula, sayankha asanafunsidwe, ndipo akafunsidwa kuti wadzuka bwanji yankho lake limadziwika kale. Mnyamata amauzidwa adakali wamng'ono kuti mwamuna salira. Pamaliro, m'midzi yambiri ana aang'ono sapita kumanda, ndipo ena amangouzidwa kuti mayi awo apita ku ulendo, mawu amene akuluakulu amawanena ndi chifundo chenicheni koma amene amasiya mwana akuyang'ana kunjira kwa miyezi. Maliro akatha akuluakulu amakhala pansi kukambirana za ana otsala, ndipo kwa Achewa mawu omaliza nthawi zambiri amakhala a atsibweni monga mwinimbumba, pamene kwa Angoni ana amawerengedwa a kuchimuna. M'zokambirana zonsezo mwana mwiniwake amamva zotsatira zokha. Palibe choipa pa ulemu, ndipo makhalidwe amenewa ndi amene agwira midzi kuti isabalalike. Vuto lake ndi lakuti chisoni chimene chatsekeredwa pakamwa chimatulukira kwina. Mwana amayamba kukodza pogona atasiya kale, kudzidzimuka usiku, kumenya anzake popanda chifukwa, kukhala duu m'kalasi, kapena kudandaula mutu ndi m'mimba pamene kuchipatala amupima osapeza malungo. Pakhomo zizindikiro zoterezi zimatchedwa mwano kapena ulesi, ndipo zikapitirira pamayamba kumveka manong'onong'o akuti mwanayo walodzedwa kapena akuphunzitsidwa ufiti, mlandu umene umagwera agogo osalakwa n'kusiya mwanayo ali chimodzimodzi.

Chithandizo cha kujambula chinabadwira m'zipatala za ku Ulaya. Mmisiri wojambula wa ku Britain, Adrian Hill, ali chigonere ndi chifuwa chachikulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, anaona kuti kujambula kunkamuchotsera nkhawa, ndipo atayamba kuphunzitsa odwala anzake anapatsa ntchitoyi dzina lake mu 1942. Ku America kunatuluka maganizo awiri amene mpaka lero akadali mizati ya ntchitoyi. Margaret Naumburg ankaona chithunzi ngati chilankhulo cha zobisika za mumtima, chimene wojambulayo amathandizidwa kuchimasulira yekha pokambirana. Edith Kramer, amene anathawa kuchoka ku Ulaya mu 1938 n'kukagwira ntchito ndi anyamata ovutika maganizo pa sukulu ya Wiltwyck ku New York, ankakhulupirira kuti kupanga chinthu kumene ndiko kumachiritsa, chifukwa mkwiyo umene ukanathera pa nkhonya umasanduka chinthu chooneka chimene mwana anganyadire nacho. Kramer ankatcha mthandizi dzanja lachitatu, kutanthauza munthu amene amagwirizira pepala kuti lisauluke, amasakaniza utoto, amachirikiza mwendo wa chidole kuti usathyoke, koma salowetsapo maganizo ake pa chimene mwana akupanga. Mphunzitsi wa Kramer, Friedl Dicker-Brandeis, anaphunzitsa ana kujambula mu msasa wa Terezín umene a Nazi anatsekeramo Ayuda, ndipo asanatengedwe kukaphedwa ku Auschwitz mu 1944 anasiya zithunzi za anawo zoposa 4,000 m'masutikesi awiri. Ambiri mwa anawo sanapulumuke, zomwe zikukumbutsa aliyense kuti kujambula sikuchotsa choipa chimene chikuchitikira mwana. Kumangomuthandiza kuti asataye umunthu wake ali mkati mwa choipacho.

Munthu wa ku Mchinji akamva mbiriyi angaganize kuti ndi nzeru ina yobwera pa ndege, koma dera lonse la Achewa lili ndi umboni wakuti kugwiritsa ntchito chithunzi pa nthawi yovuta ya moyo wa mwana kunalipo kalekale. M'mapiri a Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala: zofiira, zimene zimagwirizanitsidwa ndi Akafula, ndi zoyera, zimene anajambula alimi a Chichewa. Kutsidya kwa malire, pa thanthwe la Thandwe kufupi ndi Chipata, palinso zojambula zotere. Kafukufuku wa Leslie Zubieta pa phanga la Mwana wa Chentcherere anasonyeza kuti gawo lina la zojambula zoyerazi linali la amayi, ndipo linkagwira ntchito pa chinamwali, mofanana ndi vilengo, zomwe ndi zithunzi zoumbidwa ndi dothi pansi n'kukongoletsedwa ndi madontho oyera, ofiira ndi akuda, zimene anamkungwi amalangira nazo anamwali. Tanthauzo la zithunzizi ndi la eni mwambo ndipo si la pagulu. Chofunika pano n'chakuti makolo akale anazindikira kuti pali nkhani za thupi, za imfa ndi za banja zimene sizilowa bwino m'mutu mwa mwana zikangonenedwa ndi pakamwa, koma zimakhazikika zikaumbidwa, kuimbidwa ndi kuvinidwa. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, amachitanso zofanana pamaliro, pamene mantha a imfa amapatsidwa nkhope yooneka n'kuvina pabwalo anthu akuona.

Komabe pali kusiyana kumodzi kumene sikuyenera kubisidwa pofuna kukometsa mwambo. Ku chinamwali woumba ndi wamkulu, tanthauzo la chithunzi ndi lokhazikika kuchokera kwa makolo, ndipo namwali amafika kudzalandira. Pa chithandizo cha kujambula zinthu zimatembenuka: woumba ndi mwana, tanthauzo ndi lake, ndipo wamkulu ndiye amafika ngati wosadziwa. Apa ndi pamene pagona kuvuta konse kwa ntchitoyi m'midzi ya ku Mchinji ndi kwina kulikonse m'dziko muno, pakuti munthu amene wakula akudziwa kuti udindo wa wamkulu ndi kulangiza amavutika kwambiri kukhala chete kwa ola lathunthu mwana akumuonetsa njira. Mphunzitsi amafuna kukonza mwendo wa munthu wojambulidwa wopanda mawondo, mlaliki amafuna kutsekera ndi vesi, ndipo agogo amafuna kunena kuti zimenezo n'zakale, aziiwale. Maphunziro a mthandizi, akafufuzidwa bwino, mbali yake yaikulu ndi kuphunzira kudziletsa.

Zipangizo zokha sizisowa. Mnyamata woweta ng'ombe kudambo amadziwa pamene pali dongo labwino, amalikanda ndi madzi pang'ono mpaka lisiye kumata m'manja, amalitsina pamsana kuti patuluke linunda, amakoka nyanga ziwiri kapena kuzikapo minga, kenako amaimika ng'ombeyo padzuwa n'kuimangira khola la timitengo. Atsikana amabereka chitsononkho kumbuyo ndi kansalu, amaphika dothi m'zigoba pa masanje, ndipo m'masewero amenewo munthu wotchera khutu amamva mawu enieni amene amalankhulidwa kunyumba, kuphatikizapo a bambo akabwera ataledzera. Galimoto za mawaya ndi za mapesi, mpira wachikulunga, zojambula za makala pakhoma ndi zolemba ndi chala pamchenga, zonsezi ndi luso limene ana ali nalo popanda wowaphunzitsa. Mthandizi wodziwa ntchito yake amayambira pomwepo. Mwachitsanzo, mwana wobwezedwa kuchokera kotsidya atati waumba ng'ombe zisanu n'kuika zinayi m'khola, imodzi n'kuisiya patali, mthandizi sanena kuti ng'ombe yapanjayo ndi mwanayo, ngakhale atakhala kuti akuganiza choncho. Amangofunsa kuti, "Nanga iyi bwanji yagona panja?" Mwana angayankhe kuti yasochera, ndipo kuti mwini wake akadziwa, mbusa sadya nsima usiku umenewo. Mwanayo sananene kuti iye anamanidwa chakudya, ndipo palibe amene wamukakamiza kutero. Nkhaniyo yakambidwa ngati ya ng'ombe ndi mbusa wina, ndipo mtunda umenewo pakati pa mwana ndi nkhani yake ndi umene umamuteteza kuti mantha asamumize. Tsiku lina angaumbe munthu wopita kukaifuna ng'ombeyo, kapena angaiphwanye n'kuumbanso. Kuphwanya ndi kuumbanso, kumene dongo limalola mosavuta kuposa pepala, kumapatsa mwana amene sanafunsidwepo maganizo ake pa chilichonse mphamvu yolamula mathero a nkhani.

Njira imodzi yochitira ntchitoyi pagulu inabadwira kuno kumwera kwa Africa. Ncazelo Ncube, katswiri wa maganizo a ana wa ku Zimbabwe amene ankagwira ntchito ndi bungwe la REPSSI, anaona ku Masiye Camp, kufupi ndi Bulawayo, kuti ana amasiye akauzidwa kufotokoza mavuto awo mmodzimmodzi ankangolira mosatonthozeka, ndipo aphungu omwe ankasowa chochita. Mogwirizana ndi David Denborough wa ku Dulwich Centre ku Australia, iye anakonza njira yotchedwa Mtengo wa Moyo, imene inasindikizidwa mu 2006. Mwana aliyense amajambula mtengo. Pamizu amalemba kumene akuchokera, makolo ake ndi amene anamuphunzitsa zinthu. Panthaka amaikapo kumene akukhala tsopano ndi zimene amachita tsiku ndi tsiku. Pathunthu amalemba zimene amatha kuchita bwino. Nthambi zimanyamula zokhumba zake. Masamba ndi anthu ofunika kwa iye, amoyo ndi omwalira omwe. Ndipo zipatso ndi mphatso zimene analandira m'moyo, ngakhale zosagwirika ndi manja monga kusamalidwa pa nthawi ya matenda. Mitengo yonse ikamatidwa pakhoma limodzi imapanga nkhalango, ndipo pokhapo ndi pamene gulu limayamba kukambirana za mphepo zamkuntho zimene zimagwetsa mitengo, n'kufika pa zoopsa zimene zimagwera ana, popanda kuloza aliyense kuti anene zake. Nzeru ya njirayi ili pa ndondomeko yake: mwana amayamba waima pamalo olimba asanayang'ane kuphompho. Kwa mwana wa kumalire, amene mizu yake ili mbali zonse ziwiri za mzere, amene mfunda wake ndi Phiri, Banda, Jere kapena Tembo ndipo amaupeza ku Chipata monga momwe amaupezera ku Kamwendo, gawo la mizu limatha kukhala lotalika kuposa ena onse, ndipo limapereka mpata woti mayi womwalira alembedwe pa tsamba n'kutchulidwa dzina pagulu popanda wina kunena kuti nkhaniyo ileke.

Ngozi yaikulu pa ntchitoyi ndi chilakolako cha akuluakulu chofuna kuwerenga chithunzi cha mwana monga momwe sing'anga amawerengera ula. Pali timabuku ndi masamba a pa intaneti amene amanena kuti mtundu wakuda ndi chizindikiro cha chisoni, kuti munthu wojambulidwa wopanda manja ndi mwana wochitidwa nkhanza, kuti nyumba yopanda khomo ndi banja losokonekera. Kafukufuku sanatsimikizire kuti chizindikiro chimodzi pa chithunzi chingadalirike pozindikira nkhanza kapena matenda a maganizo, ndipo m'mudzi wa ku Mchinji mwana angajambule zonse ndi mtundu wakuda chifukwa makala ndiwo alipo. Kumasulira kolakwika kungathe kuika mlandu pa kholo losalakwa, ndiponso kungaphimbe mwana amene akuzunzika koma amajambula maluwa chifukwa anaphunzira kale kuti akuluakulu amakonda zokongola. Mwini tanthauzo ndi wojambula, ndipo chithunzi chimodzi sichinena zambiri ngati zithunzi khumi za mwana yemweyo zosungidwa m'kupita kwa miyezi.

Ngozi yachiwiri ndi kusokoneza chithandizo ndi umboni. Mu 2005 ofufuza a Human Rights Watch anabwera kuchokera kumisasa ya ku Chad ndi zithunzi zimene ana othawa nkhondo ya ku Darfur anajambula, zosonyeza ndege zikuponya mabomba ndi midzi ikupsa, ndipo zithunzizo zinagwedeza dziko. Kuno kumudzi, lipoti la bungwe la Plan la 2009 lokhudza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya linagwiritsa ntchito zojambula ndi masewero pofuna kumva kwa ana eniake za mutu, chifuwa ndi kufooka kumene kumabwera chifukwa cha chikonga cholowa pakhungu pogwira fodya wamuwisi. Ntchito zoterezi n'zaphindu chifukwa zimasintha malamulo, koma cholinga chake ndi kudziwitsa dziko, pamene cholinga cha chithandizo ndi mwana mmodzi amene wakhala pamphasayo. Mlendo amene amafika ndi bokosi la makrayoni, n'kuuza ana kuti ajambule tsiku loipitsitsa m'moyo wawo, n'kuwajambula ndi foni, n'kunyamula mapepalawo kukapemphera ndalama pa Facebook, watsegula bala n'kuchoka osalimanga, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani. Chithunzi ndi cha mwana, ndipo kuchionetsa kwa ena popanda chilolezo chake ndi cha womulera sikusiyana ndi kuulutsa zimene wodwala wauza dokotala.

Malo ochitira ntchitoyi alipo kale, ngakhale sagwiritsidwa ntchito mokwanira. M'midzi yambiri muli sukulu za mkombaphala za ana aang'ono, komanso magulu otchedwa Children's Corner, kumene ana a zaka 6 mpaka 18 amakumana akaweruka kusukulu kapena kumapeto kwa sabata moyang'aniridwa ndi anthu odzipereka, pansi pa ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Bungwe la Save the Children labweretsanso m'dziko muno ndondomeko yake ya HEART, yophunzitsa olera ana kugwiritsa ntchito zojambula, nyimbo ndi masewero pothandiza ana opsinjika maganizo. M'sukulu za pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, lophatikiza kujambula, kuimba, kuvina, zisudzo ndi masewera olimbitsa thupi. Tsoka lake n'lakuti chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi ambiri ndi odzaza moti mphunzitsi mmodzi sangathe kuyang'ana pepala la mwana aliyense, ndipo poti phunziroli limayesedwa polemba pa mayeso a Sitandade 8, nthawi zambiri limathera pa kukopera manotsi. Mwana amatha kuloweza mayina a zipangizo zoumbira mbiya n'kukhoza mayeso asanakhudzepo dongo m'kalasi, zimene zikanakhala zoseketsa pakadapanda kuti nthawi imeneyo ndi yokhayo pa sabata imene sukulu inapatula kuti mwana atulutse za kumtima kwake.

N'kofunika kusiyanitsa magawo awiri a ntchitoyi kuti pasakhale kudzinamiza. Ku Britain munthu satchedwa katswiri wa chithandizo cha kujambula asanachite maphunziro a digiri yachiwiri ndi kulembetsedwa ndi bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, ndipo muyezo umenewo ngwoyenera kwa ana amene avulala kwambiri m'maganizo. Mchinji sangadikire akatswiri oterowo, pakuti m'dziko lonse madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka, chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo zipatala za m'maboma zimadalira anamwino ndi madokotala othandizira ochepa amene anaphunzira za matendawa. Chotheka lero ndi gawo lachiwiri, lomwe ndi kulimbikitsa ana m'maganizo kudzera m'luso la manja, ntchito imene mphunzitsi, mayi wa gulu la amayi a pasukulu kapena wachinyamata wodzipereka angaphunzire. Munthu woteroyo sachiza matenda, ndipo chinthu choyamba chimene ayenera kudziwa ndi malire a ntchito yake. Mwana akaulula, pojambula kapena polankhula, kuti akugwiriridwa, akumenyedwa, akukakamizidwa kukwatiwa kapena akuganiza zodzipha, nkhaniyo yachoka pa luso n'kufika pa chitetezo, ndipo iyenera kupita msanga kwa wogwira ntchito yoteteza ana m'deralo, ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ku Chikwanekwane kumene azaumoyo, apolisi ndi aphungu amathandizira pamodzi, kapena pa nambala yaulere ya 116. N'chifukwa chake mthandizi salonjeza mwana kuti asunga chinsinsi chilichonse. Amamuuza poyamba pomwe kuti nkhani yoika moyo wake pachiswe adzaitengera kwa anthu amene angamuteteze.

Za umboni wa sayansi, bungwe la WHO limati mwa achinyamata asanu ndi awiri aliwonse a zaka 10 mpaka 19 padziko lapansi, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo lipoti la nthambi yake ya ku Ulaya la 2019, limene linaunika zolembedwa zoposa 900, linapeza kuti zaluso zili ndi gawo popewa ndi pochepetsa matenda. Koma kafukufuku wambiri wokhudza ana ndi wa magulu ang'onoang'ono, ndipo wochuluka anachitikira ku Ulaya ndi ku America, choncho amene akunena kuti kujambula kokha kumachiza mantha otsalira pambuyo pa zoopsa akunena zoposa zimene zikudziwika. Chodziwika bwino, chimene akatswiri a kakulidwe ka ana amagwirizanapo, ndi chakuti mwana amene wakumana ndi zovuta amalimba akakhala ndi munthu wamkulu mmodzi wodalirika amene sasowa. Kujambula ndi njira yofikitsira mwana kwa munthu ameneyo, ndipo kumapatsa onse awiri choyang'anapo kuti mwana asakakamizike kuyang'ana wamkulu m'maso, zimene mwambo unamuletsa kale.

Pachifukwa chimenechi, ndalama zimene mabungwe amabwera nazo ku Mchinji m'dzina la ana zingapindule kwambiri zitachoka pa mabokosi a utoto wogula kunja, umene umatha m'mwezi umodzi, n'kupita pa anthu. Wodzipereka wa ku Children's Corner amene amagwira ntchito popanda malipiro amasiya nyengo ya dzinja ikafika chifukwa naye ali ndi munda wolima, ndipo mwana amene anali atangoyamba kumasuka amaphunziranso kuti akuluakulu amachoka. Wodzipereka yemweyo amanyamula nkhani zolemera za ana a eni n'kupita nazo kunyumba popanda womufunsa kuti iye akupirira bwanji. Khonsolo ya boma la Mchinji, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, alangizi a maphunziro a m'mazoni, mafumu ndi mipingo ali ndi mphamvu zokonza zimenezi popanda kudikira lamulo latsopano: asankhe anthu okhazikika m'mudzi, awaphunzitse mobwerezabwereza m'malo mwa msonkhano umodzi wa kuhotela, awapatse kangachepe kowasunga pa ntchito chaka chonse, awalumikize ndi namwino wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma kuti aziwayendera, ndipo aphunzitsi aakulu alole kuti nthawi ya Expressive Arts ana azituluka panja kukakumba dongo.